Ndinaimba Besi Ndekha Pakati pa Azungu

Abale ndi alongo, mtendere ukhale nanu. Ndine mkulu uja wa ku Braunstone, woyenda ndi chikwama cha mapepala. Musaseke. M'menemo muli kalata iliyonse ya mlandu wanga wopempha chitetezo m'dziko lino la Angelezi, motsata masiku ake.

Kumudzi ndinkaphunzitsa kwaya. Mkazi wanga, NaBanda, anamwalira ine ndili kuno. Ndikanapita kumaliro, mlanduwo ukanathera pomwepo. Ndinaonera pa foni. Pa foni, abale! Ndiye m'busa wina akuti, "Bambo, limbani mtima, wokhulupirira salira." Zinandipsetsa mtima. Sindinalire, koma sindinapempherenso. Zaka ziwiri. Ndinkangoti, ndinalakwanji ine? Umboni wonse ndili nawo!

Pasaka itayandikira, a Margaret, mayi wachingelezi woyandikana naye nyumba, ananditengera kutchalitchi china m'tauni. Kwaya inkaimba za masautso a Ambuye, nyimbo zakale za Achilutera, m'Chijeremani. Anatipatsa pepala la matanthauzo. Anthu ali duu, osagwedeza ngakhale mutu. Ndinati mumtima, awa ndi mapemphero kapena ndi khoti?

Inafika nkhani ya wophunzira uja anakana Ambuye katatu. Vayolini inayamba kulira, mayi mmodzi n'kumabwereza mawu omwewo opempha chifundo. Wophunzirayo analibe mboni. Analibe chodziteteza nacho. Anangolira basi, ndipo nyimboyo sinamutontholetse, inalira naye.

Patsogolo pake kwaya yonse inayamba nyimbo ina. Ndinaizindikira. Ndi yomwe timaimba kwathu Lachisanu Loyera! Kwathu nyimbo yotere sitiimvera titakhala pansi. Ndinaimirira n'kulowa besi, m'Chichewa. Ndekha. A Margaret akundikoka jekete: "Khalani pansi, ino ndi konsati, si mapemphero!" Sindinakhale. Misozi yolirira NaBanda inatulukira pamenepo.

Titamaliza, wotsogolera kwaya anandipeza pakhomo. Ndinayamba kupepesa. Iye anati, "Amene analemba nyimbozi ankakhulupirira kuti Mulungu amapezeka pamtanda, pamene munthu watha mphamvu. Chisomo sachilandira chifukwa chosalakwa. Koma besi yanuyo tikuifuna."

Pemphero loyamba ndinalinenera m'basi pobwerera, mokweza, dalaivala akundiyang'ana pagalasi.

Masiku ano, Lachiwiri lililonse ndimapita kukwayako. Chijeremani chimandipinda lilime, ndipo azunguwo amathamanga nalo vesi lachitatu. Ndawauza kale kawiri. Koma ndikuimba, abale, ndipo ndikupemphera. Ambuye alemekezeke. Amen!