Bango Limene Ndinataya

Mtendere ukhale nanu, abale ndi alongo. Ndine Jemusi Muhiwa, wosoka mphasa. Ndimalemba ngati nkhuku ikupalasa, koma ndalemba ndekha kuti wina asandifewetsere mawu.

Tsiku limenelo analipo awa. Analipo alamu anga a Supuni, mlongo wake wa malemu mkazi wanga. Analipo mng'ono wawo Wanyeta, amene ndinamuphunzitsa ine kugwira khasu. Analipo aphunzitsi a Eliya, buku lawo lili m'khwapa. Ndipo kumbuyo, patali, pansi pa mtengo wa mango, anakhala Laisoni, mwana wanga amene ndinamuthamangitsa. Ndawatchula onse kuti asadzakane.

Koma muyambe mwadziwa kuti ine ndinali ndani. Kwa Nazombe konse kunalibe mphasa yoposa yanga. Ndikaitana munthu ndili kumunda, ankayankha ali kutsinde kwa phiri. M'tchalitchi ndikayamba nyimbo, ena onse ankangotsegula pakamwa. Bango ndinkakadula ndekha kudambo, n'kulisankha limodzilimodzi. Lopondedwa ndi ng'ombe, kutaya! Lophwanyika pakati, kutaya! Mphasa ya Muhiwa sinkalowa bango lodwala.

Laisoni anapita kunkhondo ya azungu ali chiphona. Anabwera manja akunjenjemera. Chilonda analibe, abale, ngakhale chimodzi. Koma chitseko chikamenyetseka, iye pansi. Tsiku lina tili m'tchalitchi mphezi inang'amba kuphiri, mwana wanga, munthu wandevu, n'kulowa pansi pa benchi. Anthu anaseka. Ena a inu munaseka, ndikukudziwani!

Ine sindinaseke. Ndinachita choipa koposa. Ndinamukoka mwendo n'kumutulutsa panja, ndikufuula kuti mudzi wonse umve: "Iwe si mwana wanga! Ndiwe bango lophwanyika, sindingasokere kanthu!" Ndikamafuula iye n'kumanjenjemera, akamanjenjemera ine n'kumaonjeza kufuula. Mawa lake anachoka. Tinangomva kuti ali kwa Chiwalo, wakwatira mkazi wamasiye. Amake analira. Ine ndinati asiyeni, zinyalala zatsata zinyalala zinzake.

Kenaka inabwera njala yaikulu ija. Mkazi wanga ankandipatsa gawo lake n'kumanama kuti wadya kale. Anamwalira mvula isanagwe. Patapita milungu itatu ndinadzuka m'mawa dzanja lamanzere litafa, mwendo ukukokeka, pakamwa patapotoka. Wosoka mphasa wa dzanja limodzi munamuonapo inu?

Ndiye linafika tsiku lija, tsiku londisudzula. Mukudziwa mwambo wathu: mkamwini mkazi akafa, eni mudzi amamumasula kuti abwerere kwawo. Zaka zonse zija ndinalima pamudzi umenewo. Zitsa ndinazula ndine. Mango aja ndinabzala ndine. Koma a Supuni anatenga khasu langa n'kuliika patsogolo panga.

"Alamu, mwagwira ntchito. Takumasulani. Muzipita kwanu."

Kwathu kuti? Ndinaoloka malire ndili kumsana kwa amayi, tikuthawa chikoti cha Apwitikizi. Kumeneko kunatsala mabwinja, ndipo a Supuni ankadziwa.

Ndinafuula. Ndinati, "Supuni, nsikidzi iwe, unadya thukuta langa mpaka mimba kuchita kuwala!" Wanyeta anayankha akutokosa m'mano, "Alamu, pakamwa pokha ndiye pakanali moyo. Kodi pakamwa pamalima?"

Aphunzitsi a Eliya anati tiyambe tapemphera, natsegula buku. Anati kale kwambiri, Yesu asanabadwe, mneneri anaona kuti kukubwera Mtumiki wa Mulungu. Anati ameneyo sadzakhala munthu waphokoso m'misewu. Akapeza bango lopondedwa sadzalimaliza kulithyola, ndipo nyale imene yatsala utsi wokha sadzaiuzira kuti izime.

Abale, magazi anandiwira. Ndinati mphunzitsi uyu akundinena! Ndinamenya ndodo pansi.

"A Eliya, mneneri wanuyo anasokapo mphasa? Bango lophwanyika limaola, limaoletsa ndi anzake omwe. Ndi mmisiri wanji wopusa amene amasunga zinyalala?"

A Eliya anatseka buku. Anati, "A Muhiwa, lero mwakhala pa mulu uti, wa bango labwino kapena wa lotaya?"

Ine, Muhiwa, ndinangoyang'ana pansi!

Anthu anabalalika. A Supuni anapita kukamwa mowa wawo. Ndinatsala ndekha pabwalo ndi khasu limene sindikanatha kulinyamula. Mumtima ndinkakalipira Mulungu. Ndinati ndakuimbirani nyimbo mpaka kusasa mawu, malipiro ake ndi amenewa? Mwanditaya ngati mmene ndimatayira bango! Nditanena zimenezo ndinazimva ndekha, n'kuyang'ana kumtengo wa mango.

Laisoni anali akadali pomwepo. Sindinamuitane. Ndikanamuitana ndi dzina liti? Ndinawerama kuti adutse, apite, andibwezere zanga. Koma ndinaona mapazi ataima patsogolo panga. Dzanja lonjenjemera linatola khasu. Dzanja linalo linalowa m'khwapa mwanga. Linkanjenjemera, abale, koma linandidzutsa.

Pamenepo ndinadziwa amene mneneri ankanena. Ndi Yesu! Ine ndinkadikira Mulungu wofanana ndi ine, wa mawu aakulu, wosankha bango. Koma Iye anabwera mwakachetechete, natola chimene ine ndinataya, n'kudzandidzutsira nacho. Iyenso anamuphwanya pamtanda anthu akuseka, monga munasekera inu.

Lero ndimakhala kwa Chiwalo, pamudzi pa mpongozi wanga. Inde, n'zamanyazi, ndikudziwa zimene mumanong'ona. Mwamuna wamkulu kudyera m'manja mwa mpongozi! Nong'onani. Mkazi amene ndinamutcha chinyalala ndi amene amanditenthetsera madzi osamba, ndipo sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi.

Mphasa tikusokabe. Ine ndimapanikiza bango ndi dzanja langa limodzi kuti lisagwedezeke, Laisoni n'kumalowetsa chingwe. Tikapeza lophwanyika iye amadula poipapo, chotsalacho n'kuchiika m'mphepete. Mphasa zake si zokongola ngati zakale, sindinama. Koma anthu amagonapo.

Dzanja langa silinachire. Laisoni akamva mphezi amagwabe pansi. Tsono mverani, inu amene mumamutcha wamisala, inu amene mumasuntha pa benchi akakhala pafupi nanu: mukuthyola bango limene Mwini wake anakana kulithyola! Lekani! Ndinayesa ine, ndipo onani pamene zinandifikitsa. Mphezi ikagunda masiku ano ndimakhala naye pansi pomwepo mpaka zitadutsa. Amene akufuna kuseka aseke tonse awiri.

Ndithokoza Yesu amene sananditaye. Ndithokoza a Eliya chifukwa cha funso lawo lija. A Supuni ndawakhululukira, ngakhale ndimachita kuwakhululukiranso m'mawa uliwonse.

Chatsala chimodzi. Titachoka pabwalo paja ndinafuna kupepesa, koma ine kupepesa sindinkadziwa. Ndinangoyamba kukuwa m'njira, "Laisoni! Mwana wanga! Laisoni!" Iye anaima, mapewa akunjenjemera, nati:

"Ababa, tiyeni kunyumba. Koma muziyankhula pang'onopang'ono. Ndili pompano, ndikumva."