Madzi a mu Mtsuko wa Mayi Suprova Bairagi

Abusa, achibale ndi nonse amene mwabwera kudzakhala nafe, ine ndine Tithi, mwana woyamba wa malemu. Sindinazolowere kuyankhula pagulu, mundipirire. Papepalali pali mzere umodzi umene sindinauzepo munthu aliyense. Ndiufika kumapeto.

Malemu Mayi Suprova Bairagi anabadwa pa 9 Ogasiti 1979 ku Gournadi, m'boma la Barisal. Anayambira sukulu ya mishoni, ndipo mu 2002 anamaliza maphunziro a sayansi ku Dhaka. Mu 2005 anamanga banja ndi Bambo Prodip Bairagi.

Kwa zaka makumi awiri anagwira ntchito mu labotale yofufuza tizilombo ta kolera kuno ku Khulna. Ankati tizilomboti tili ndi mabanja ngati anthu: dzina limodzi, koma majini, zotengera kwa makolo zija, osiyana. Tina tikakumana ndi klorini timafa pomwepo. Tina majini ake amatiuza kuti tiunjikane, tidzikute ndi zonanda mpaka zovuta zitadutsa. N'chifukwa chake kwathu m'bulu wa klorini sunkakwanira. Ankandikalipira uku akuseka: “Iwe mlesi, madzi abwadamuke kaye! Tizilomboto ukungotisambitsa.”

Kuwiritsa madzi akumwa inali ntchito yanga.

Mu 2021 anapezeka ndi matenda a impso. Pa 30 Meyi 2024, namondwe atadutsa ndipo madzi osefukira atalowa m'mijigo, anayamba kutsegula m'mimba. Ali pa diripi anauza anzawo a kuntchito kuti, “Musangondilirira apa. Katengeni kachilombo kameneka, mukaone kuti n'ka banja liti.” Impso zinalephera, ndipo anatisiya pa 2 Juni ali ndi zaka 44. Dzulo anzawowo anatiuza kuti kanali ka banja louma mutu lija, losamva klorini.

Asiya amuna awo, mayi awo owabereka, ine ndi mlongo wanga Arko. Tikuthokoza anamwino, amayi a mpingo amene atiphikira mpunga masiku onsewa, ndi Bambo Jobbar amene anakankha rikisho, njinga yawo yonyamula anthu, m'madzi olekeza m'mawondo kuti malemu afike kuchipatala.

Amayi, usani mumtendere.

Ababa, dzutsani mutu, mzere uja ndi uwu. Lachiwiri lija, kutatsala masiku awiri kuti amayi adwale, gasi wophikira anatha madzi atangofunda. Ndinachita manyazi kukapempha moto kwa aneba. Ndinaponyamo m'bulu umodzi, n'kuwathira mu mtsuko wa madzi owiritsa. Amayi anandifunsa kuti, “Awira?” Ine ndinati eya.

Sanawire, Ababa.