Mayi Edna Chiti, Amene Ankayeza Sinowo wa ku Antarctica

Malemu Mayi Edna Chiti anabadwa mu 1969 ku Bembeke, m'boma la Dedza. Pulayimale anaphunzira komweko, sekondale ku Lilongwe, kenaka anachita digiri ya kemisitile ku Zomba. Mu 1994 anamanga banja ndi Bambo George Chiti, amene anatisiya mu 2001.

Anafika kuno ku Dublin mu 2005, mwana wawo Eliza atamusiya m'manja mwa akulu awo. Anayamba ndi kusamalira okalamba ku Finglas, mpaka labu ina inawalemba ntchito. Kumeneko ankalandira mabotolo a sinowo, chipale chofewa chija, wotengedwa pamwamba penipeni ku Antarctica, n'kumayeza mchere wa m'nyanja, fumbi, ndi mankhwala amene dzuwa limachotsa mu sinowoyo. Ku Antarctica kwenikweniko sanapondeko, ankati kuzizira kwa ku Bembeke kunawakwana kale.

Ntchitoyi inali ndi malamulo ake. M'chipinda chozizira mumalowa munthu mmodzi, atavala masiki, foni itatsala panja, osayankhula, pakuti mpweya wa m'kamwa umadetsa sinowo. Anagwira choncho zaka khumi ndi zinayi. Ife a kwaya ya Katolika, anzawo oimba nawo, tinazolowera. Foni ikaitana osayankhidwa, tinkangoseka kuti ali mufiriji.

Eliza yekha ndiye sanazolowere. Lamlungu lililonse ankayankhulana ndi mayi ake, ndipo anali atapangana zoonana pa Khirisimasi ya chaka chino, patatha zaka zisanu ndi ziwiri osaonana maso ndi maso. Lamlungu lina mu Okutobala foni inangoitana. Mwanayu, ali ku Dedza, anaimbira ena a ife. Tinamuuza kuti asadandaule, mayi ali kuntchito. Iye anati, "Amayi sagwira ntchito Lamlungu." Komabe tinazengereza mpaka Lachiwiri. Tinawapeza ali pansi m'nyumba mwawo ku Rathmines, atachita sitiroko, akupumabe. Ine amene ndikuwerengane ndimakhala pafupi, basi siitenga mphindi khumi, ndipo manyazi amenewa sanandichoke. Anagonekedwa m'chipatala masiku asanu, n'kutsikira kuli chete, Eliza akudikirabe viza.

Malemu asiya mwana mmodzi, Eliza, amene wafika dzulo, akulu awo awiri, mlongo wawo mmodzi, ndi mdzukulu Joy, amene agogo ake ankangomuonera pafoni.

Mayi Chiti, tinachedwa, tikhululukireni. Apumule mu mtendere.