Aphunzitsi amene anakana kufufuta maina a ana

Malemu amene tawagoneka patsogolo pathupa anabadwa pa 14 Okutobala, 1968, ndipo anali achisamba m'banja la ana asanu. Ine amene ndaima pano ndine mlongo wawo, mzime wa m'banjamo. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi monga tinailembera dzulo, osadumpha mzere. Ngati mawu anga athwe, mundikhululukire kuthwako. Nkhani yokhayo sindipepesa, chifukwa ndi yoona.

Bambo athu anali kalipentala, mayi athu ankasoka zovala pakhonde la sitolo. Malemu anayamba pulayimale mu 1975, ndipo mu 1983 anasankhidwa kupita ku sekondale ya boma yogonera konko, ija imangotenga ana okhoza koposa. Sukuluyo inatsegulidwa mu 1959 ndi anyamata 60, ndipo kwa zaka 24 mtsikana ankapondapo pokhapokha akabwera kudzaona mlongo wake. Chaka cha 1983 chinali choyamba kutenga atsikana. Anatenga 18, ndipo achemwali anali mmodzi wa iwo.

Kusankha anawasankha, koma pogona sanawakonzere. Chaka chathunthu atsikanawo anagona m'chipinda chosungiramo mipira ndi makasu. Mazenera analibe magalasi, mpaka bambo athu ananyamula matabwa awo kukakhoma zotsekera. Belu linali chitsulo cha tayala la lole chopachikidwa pamtengo. Likalira 5 koloko m'mawa kunali kusesa, kusamba madzi ozizira, kuima pamzere, kenaka m'kalasi mpaka dzuwa kupendeka. Ku holo yodyera, atsikana akamalowa, anyamata ankamenya mbale ndi masupuni powanyoza. Teremu yoyamba itatha, zotsatira zinamatidwa pakhomo la holo yomweyo. Achemwali anali nambala wani, mnyamata woyamba anali wachitatu. Kuyambira tsiku limenelo masupuni anabwerera ku ntchito yake yodyera.

Mu 1987 anapita ku yunivesite. Atamaliza mu 1991 anapatsidwa mwayi wosankha kokagwira ntchito, ndipo anapempha kubwerera ku sukulu yawo yomweyo kukaphunzitsa masamu. Pa 7 Ogasiti, 1993, anamanga banja ndi alamu anga akhala apawa, amisiri a zamagetsi. Alamu amakonda kunena kuti anafunsira mkazi mmodzi koma anapatsidwa ndi sukulu yomwe, chifukwa pakhomo pawo sipankasowa mwana wa eni, wina wodwala, wina wosweka magalasi, wina wongofuna kulira pamalo poti anzake samuona.

Mu 2009 anakwezedwa kukhala achiwiri kwa ahedi, ndipo buku la maina a ophunzira linaikidwa m'manja mwawo. Ana anawapatsa dzina loti Amayi Kaundula. Ankadziwa mwana aliyense, kumene achokera ndi amene akumulera, osatsegula bukulo. Nthawi ya chakudya ankaima pakhomo la holo. Mwana akadumpha kawiri osadya, ankamupeza okha ku hositelo. Mu 2015 anawapeza ndi matenda a shuga. Ankabaya jakisoni tsiku ndi tsiku, mankhwala ake osungidwa m'firiji, ndipo ankaonana ndi dokotala mwezi uliwonse. Pa zaka zinayi zotsatira sanajombe kalasi ndi imodzi yomwe.

Tsopano ndafika pamene ena akufuna ndithamange. Ndiwerenga pang'onopang'ono.

Mu Seputembala 2019 unabwera mndandanda wa ana 160 osankhidwa kuyamba folomu 1. Patatha masabata awiri, ana asanu ndi mmodzi anali asanafike. Lamulo limati mwana amudikire mwezi wathunthu. Koma ahedi, amene anali atangotha chaka pasukulupo, anaitana malemu mu ofesi Lachisanu n'kuwapatsa kapepala ka maina ena asanu ndi limodzi. Anali ana osasankhidwa, a makolo aja amaimika galimoto pakhomo la ofesi osazimitsa injini. Anawauza kuti afufute maina a ana osafikawo, alembe awa. Achemwali anayankha mwaulemu kuti dzanja lawo linaphunzira kulemba maina a ana, kufufuta silinaphunzire. Ahedi anawauza kuti aganize bwino za mpando umene akhalira.

Potuluka anaima mu ofesi ya akalaliki. M'tireyi ya makalata opita ku positi anapeza makalata asanu ndi limodzi odziwitsa makolo a ana osafika aja kuti ana awo asankhidwa, ali chikhalire, opanda sitampu. Akalaliki anavomera kuti anauzidwa kuti asawatumize.

Loweruka ndi Lamulungu malemu anayenda pa minibasi, pa njinga, kwina wapansi, mankhwala ali m'chikwama. Anapeza ana asanu. Anayi sankadziwa n'komwe kuti anasankhidwa, ndipo mmodzi wa iwo anamupeza akuumba njerwa ndi amalume ake. Wachisanu, mtsikana wa zaka 13, anali atayamba kale ntchito yolera mwana m'nyumba ya anthu. Wachisanu ndi chimodzi sanamupeze, banja linali litasamuka. Malo ake anatengedwa. Mpaka mawu atatsala pang'ono kuwathera, achemwali ankafunsabe za mnyamata ameneyo. Lolemba m'mawa analowa pamzere ndi ana asanuwo, ena atavala masilipasi, n'kuwaimika pambuyo pa anzawo a folomu 1, sukulu yonse ikuona.

Pa 4 Novembala, 2019, anaimitsidwa ntchito. Mlandu wake unali kunyoza akuluakulu ndi kuchoka pasukulu popanda chilolezo. Loweruka, anthu inu! Tsiku lawolawo lochapa zovala. Mu Januwale 2020, kafukufuku wa mlanduwo asanathe, anawasamutsira ku sukulu yaing'ono yopanda magetsi, makilomita 70 kuchokera ku chipatala. Dokotala analemba kalata kuti munthuyu asapite kutali, ndipo ine ndemwe ndinakaipereka ku ofesi. Palibe anayankha. Nyumba ya sukulu anapatsidwa masiku 14 kuti atulukemo. Tsiku lakhumi ndi chisanu, lole yowasamutsa isanafike, anthu anatumidwa kudzatulutsa katundu. Mabuku a zaka 28 ananyowa ndi mvula pakhonde. Aphunzitsi anzawo, ena mwa iwo anthu amene malemu anawaphunzitsa okha m'kalasi, anakoka makatani. Ndikukuonani mwakhala kumbuyoko. Sindikutchulani, mukudzidziwa.

Achemwali anapita ndithu. Anati ana a kumeneko nawonso ndi ana. Alamu anga anasiya makasitomala awo n'kuwatsatira, mmisiri wa magetsi kukakhala kopanda magetsi, kumasunga mankhwala a akazi awo mumtsuko wokwiriridwa mumchenga wonyowa. Malemu anaphunzitsa kumeneko zaka pafupifupi zitatu, ndipo kwa nthawi yoyamba sukuluyo inatumiza mwana ku yunivesite. Koma thupi linkatha tikuona.

Pa 15 Novembala, 2022, anagwa m'kalasi choko chili m'manja. Galimoto yowatengera ku chipatala inapezeka patatha maola asanu ndi limodzi. Mbali ya kumanja inafa ndipo lilime linayamba kulemera. Tinawasamalira kunyumba kwa mwana wawo woyamba miyezi isanu ndi iwiri. Anatisiya Lolemba pa 12 Juni, 2023, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 54.

Tikanathera pamenepa, tikanati ndi matenda. Koma dzana akalaliki a sukulu yogonera ija anabwera pasiwa pano akulira, ndipo atiloleza kuti tinene zimene anatiuza. Kafukufuku anatha mu Malichi 2021. Anapeza kuti malemu analibe mlandu, ndipo kalata inalembedwa yoti abwerere pa udindo wawo ndi m'nyumba yawo, imene ili mphindi khumi kuchokera ku chipatala. Kalatayo inadzera ku ofesi ya ahedi. Akalaliki anaidinda okha n'kuipereka m'manja mwa ahediwo. Inalowa m'dirowa ndipo ili momwemo mpaka lero. Achemwali anagwa patatha miyezi 20 chifikire kalatayo. Amwalira akudziwa kuti ndi munthu wolangidwa. Ankationetsa kalata yowaimitsa ntchito ija ndi dzanja lamanzere, misozi ikutsika, ife n'kumawauza kuti aiwale.

Apa ndionjezere pa zimene tinalemba dzulo. M'mawa uno a sukulu yogonera ija abwera ndi nkhata yaikulu ya maluwa, ndipo apempha mphindi khumi zoti ayankhule za ntchito yabwino ya malemu. Banja lakana. Mawu amene sukulu inayenera kunena inali nawo papepala zaka ziwiri ndi miyezi itatu, munthu ali moyo, makutu akumva. Ahedi, mwakhala pampando wa kutsogolo. Maluwa anu sitiwataya, tinaleredwa. Koma kalatayo tikuifuna. Musaitume mwana, musaiike pa positi, positi yanu tikuidziwa. Muibweretse nokha kwa alamu anga, muiwerenge mokweza pamaso pa ana a malemu. Mlandu suola.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, ndi adzukulu awiri. Asiyanso mayi athu, amene pa zaka 79 akuika mwana wawo woyamba, komanso ife abale awo anayi.

Tikuthokoza anamwino amene ankabwera kudzawatembenuza ndi kuwasambitsa, aneba amene sanatope nafe, ndi dalaivala amene anasiya ulendo wake kuti awathamangitsire ku chipatala. Tikuthokoza makolo ndi ophunzira a sukulu yaing'ono ija, amene ayenda mtunda wonsewo pa lole. Tikuthokoza akalaliki, ngakhale mwachedwa, chifukwa mwanena mukudziwa chimene chingakuchitikireni Lolemba. Tikuthokozanso ana asanu aja. Ali folomu 4, mayeso ayandikira, chilolezo anakanizidwa, koma ndi awo aima apowo mu yunifolomu. Mmodzi wa iwo akalangidwa chifukwa cha lero, banja lino limva, ndipo libwera lonse.

Achemwali, munalibe mlandu. Anakubisirani, ndiye ndakuuzani ine mlongo wanu, anthu onsewa akumva. Mzimu wanu uuse mumtendere.