Galaji ya Ba Cosmas Isatsekedwe

Ba Simasiku, manejala wathu, zikomo pondipatsa mpata. Abusa, takulandirani. Ba Clementina, mayi wa nyumba ya Ba Chulu, pamodzi ndi ana ndi adzukulu, khalani omasuka. Anzanga a mu ofesi, madalaivala, ndi inu a Gulu la Loweruka amene mwasankha mipando ya pafupi ndi nkhuku kumbuyo uko, ndakuonani. Moni nonse.

Kwa amene simundidziwa, ndine Rhoda. Tebulo langa layang'anana ndi la Ba Cosmas Chulu zaka khumi ndi zinayi manje, tikukonza mapepala a mathiraki odutsa pa boda. Andiuza kuti ndikambe mphindi zisanu. Ba Simasiku, bisani wotchiyo.

Ndabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba ni kuthokoza. Chachiwiri ni kukana. Ba Cosmas anatiuza kuti akapuma nchito atsekanso galaji yawo ku Dambwa North, kumene timakumana Loweruka lililonse kuphunzira makompyuta. Kupuma nchito tavomera, zaka zakwana. Koma za galaji sitinavomere, ndipo lero ndikamba pamaso pa Abusa.

Ndiyambe kumene zinayambira. Chaka china ofesi inataya makompyuta akale atatu. Ati akalamba, akuchedwa, sangathenso. Ba Cosmas anawanyamula onse, n'kuwakhazika pa mpando wakumbuyo wa minibasi, ina pa miyendo. Kondakitala anafunsa ngati kuli maliro a ofesi.

Iwo anali atamva za chinthu chotchedwa Linux. Kwa inu azakhali amene mukundiyang'ana modabwa, Linux ni pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse. Ni yaulere, aliyense akhoza kuitenga, kuisuzumira m'kati ndi kuisintha, ndipo imadzutsa makompyuta amene ena anawataya. Vuto lake ni limodzi. Kulibe shopu yokadandaulako. Ikavuta, wokonza ndiwe wemwe.

Manje mverani. Mphunzitsi wathu wamkuluyu, tsiku loyamba, sanayambe ndi makompyuta otayidwa aja ayi. Anati ayesere kaye pa kompyuta yabwino ya m'nyumba. Makina anawafunsa mwaulemu kuti, kodi ndifufute zonse zili muno? Ba Cosmas, munthu wosakonda kukana, anavomera.

M'menemo munali zithunzi zonse za ukwati wa mwana wawo woyamba.

Ba Clementina, mukuseka lero. Tsiku lija simunaseke. Mayi awa sanakalipe, sanaswe mbale. Anangowapatsa kafulashi kokoperamo zithunzi m'manja n'kunena kuti, "Ku ukwati kunali banthu mahandiredi atatu. Aliyense anali na foni. Yambani." Ba Cosmas anayenda miyezi iwiri. Maramba, Libuyu, Linda, mpaka ku Monze kwa asebele awo, kugogoda pa makomo kupempha zithunzi. Anabwerako ndi zithunzi zoposa zimene anafufuta, kungoti zambiri zinali za keke ndi za anthu akudya.

Kuyambira pamenepo funso lawo ni limodzi: "Mwakopera kale?" Ukafuna kusintha kanthu pa kompyuta, mwakopera kale? Ukapita ku tchuthi, mwakopera kale? Sepo, mtsikana wathu wolandira alendo, atawauza kuti akukwatiwa, anayamba kumufunsa zomwezo asanamuyamikire n'komwe.

Gulu linayamba pang'onopang'ono. Loweruka naini koloko m'mawa, aliyense ndi kompyuta yake yodwala, ena pamutu, ena m'chikwama cha ku msika. Mphunzitsi wa sukulu, mayi wosoka, dalaivala, ife a mapepala. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaphunzira zimenezi ku koleji. Ndipo m'galaji muja munali lamulo lotopetsa maningi. Ba Cosmas sagwira kiyibodi ya munthu. Amaima kumbuyo kwako, manja kumsana, n'kunena kuti, "Yalemba chani? Werengani."

Mweetwa, dalaivala wathu, imirira akuone. Uyu anabwera ndi kompyuta yake n'kunena kuti, "Ba Cosmas, yakana chabe."

"Yakana kuti chani?"

"Yakana chabe, mdala."

"Iwe, thiraki ikafa pa Kazungula umaniuza kuti yakana chabe? Kompyuta imakamba chifukwa chake. Werenga."

Mweetwa anawerenga mokweza, chilembo chimodzi chimodzi, thukuta lili kamukamu. Atafika pakati anaima, n'kunena kuti, "Aa, kansi ikamba kuti malo yasila." Anafufuta mafilimu ake a nkhonya amene anadzaza malo onse, kompyuta inadzuka. Ba Cosmas sanakhudze kanthu. Koma Mweetwa mpaka lero amauza anthu ku boda kuti iye ni injiniya.

Sindidzibisa, nane ndili ndi mlandu wanga. Mu Linux muli kawindo kakuda kamene umalembamo malamulo. Ukafuna kuchita chinthu chachikulu, imakufunsa pasiwedi. Ine ndinalemba pasiwedi, pa sikirini sipanaoneke kanthu. Ngakhale kadontho. Ndinalembanso, zii. Ndinati kiyibodi yafa. Ndinakwera minibasi mpaka ku Maramba Market, kukagula ina. Kubwera nayo, kulemba, zii. Ndinabwerera ku msika nditamanga chitenje m'chiuno, n'kumulalatira bambo wogulitsa uja pamaso pa anthu kuti amagulitsa zakufa. Anandisinthira yachitatu mwamantha.

Loweruka ndinafika m'galaji ndi makiyibodi anga, mtima uli m'mwamba. Ba Cosmas anamvetsera nkhani yonse osaseka. Kenaka anati, "Ba Rhoda, lembani futi, mukasiliza mudinize batani lalikulu." Ndinadiniza. Inatseguka. Anati, "Imabisa dala, kuti wa kumbuyo kwanu asaone." Ndinafunsa kuti nanga bwanji simunandiuze kale? Anati simunafunse. Ndipo ananditumiza ku Maramba kukapepesa. Bambo uja mpaka lero akandiona amabisa katundu.

Tinkadandaula ndi lamulo limenelo, ndisaname. Chinthu choti iwo akanakonza m'mphindi ziwiri, ife tinkalimbana nacho mpaka dzuwa lili pamutu. Koma taonani lero. Mayi wosoka uja amadzikonzera yekha. Ine ndinaikira amayi anga Linux pa kompyuta imene mlongo wanga anafuna kutaya, ndipo amaonerapo adzukulu awo a ku Ndola.

Manje ndifike pa nkhani yovuta. Ndapempha chilolezo kwa Ba Clementina, ndipo Ba Cosmas eniake anaikamba kale mu ofesi, sindikuulula chinsinsi.

Maso a Ba Cosmas akhala akuchepa mphamvu kwa chaka chathunthu. Ife sitinadziwe. Tikanadziwa bwanji? Munthu amene zaka zonse amakuuza kuti "werengani," tsiku limene sangathenso kuwerenga yekha amanena mawu omwewo. Tinkawerenga mokweza monga mwa masiku onse, tikumaganiza kuti akutiphunzitsa. Pomwe iwo zilembo zija sakuzionanso. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, chifukwa ine ndimakhala moyang'anana nawo tsiku lililonse.

Mwezi wa Malichi, pa nthawi ya chakudya, anatiuza. Anati, "Adokotala bakamba kuti siyazabwerera. Nikapuma nchito, galaji nizatseka. Mphunzitsi wosaona sikirini ni wa chani?" Anakamba akusenda nthochi, ngati nkhani ya mvula. Mweetwa anatuluka panja, ati akukaona matayala.

Ba Cosmas, apa pali chimene simukudziwa, ndipo ndiyambe ndi kupepesa.

Mukukumbukira Maloweruka asanu ndi awiri amene sitinabwere? Mweetwa anakuuzani kuti ng'ombe za amalume ake zadwala ku Kalomo. Zinadwala Maloweruka anayi otsatizana. Sepo anali ndi makitcheni pate atatu, maphwando aja olangiza mkwatibwi. Ine ndinati Abusa andiitana. Abusa, pepani, ndinakugwiritsani nchito kawiri.

Tonse tinali kwa Sepo ku Maramba. Tinali titawerenga kuti Linux ikhoza kulankhula. Ikhoza kuwerengera munthu zonse zili pa sikirini, ndi kukulitsa zilembo mpaka chimodzi chidzaze chikhatho. Tinapeza laputopu yakale yolimba, tinati tiwakonzere. Tinkayesa ni nchito ya Loweruka limodzi.

Loweruka loyamba, mawu osatuluka. Lachiwiri, mawu osatuluka. Tinafunsa pa intaneti, munthu wina wa kudziko lakutali anatiyankha mwaulemu ndi masamba atatu, sitinamvepo kanthu. Lachitatu inalankhula, koma mothamanga ngati wolengeza mpira. Lachinayi inakana kukhala chete. Imawerenga chilichonse, nthawi, deti, mphamvu ya batire, ndi mawu a mzungu wachimfine. Mayi woyandikana ndi Sepo anabwera kudzafunsa kuti mlendo amene akubisidwa m'nyumbamo akudya chani.

Ndipo nthawi yonseyo palibe woima kumbuyo kwathu. Tinakangana. Mweetwa anafuna kufufuta zonse tiyambirenso, Sepo anamulanda kiyibodi. Kangapo ndinagwira foni kuti ndikuimbireni, anzanga n'kundigwira dzanja.

Kenaka Sepo anati, tidziwa bwanji kuti ikusebenza ngati ife tikuona? Anatenga chitenje n'kummanga Mweetwa kumaso. Tinamuuza kuti atsegule kalata, alembe moni, asunge. Mweetwa anatsegula nyimbo, anazimitsa intaneti, n'kugwetsa kapu ya tiyi. Tinaseka mpaka misozi. Itafika nthawi yanga, anandimanga inenso. Mphindi khumi chabe. Manja anga sanadziwe kopita, mawu aja akungolankhula, ine ndikusochera m'kompyuta imene ndimaidziwa bwino. Kuseka kunatha. Ndinaganiza kuti Ba Cosmas akhala chonchi chaka chonse, akubwera ku nchito pa nthawi yake, osalakwitsa pepala ndi limodzi lomwe, osadandaula kwa munthu. Kuchokera tsiku limenelo chilichonse tinkachiyesa titamanga kumaso. Chimene sitinathe kuchita ndi chitenje, tinkati sichinakonzeke.

Ba Clementina ankadziwa zonse. Loweruka lachisanu anandiimbira foni. Anati, "Ba Rhoda, fulumirani. Mdala amatulutsa mipando m'mawa, amakhala yekha mpaka twelofu, amabweza mipando. Lelo aniuza kuti banthu bamusiya chifukwa alibe nchito futi." Kenaka anawonjezera kuti, "Elo ayamba kumasula wailesi yanga, yamene ilibe vuto."

Ba Cosmas, sitinakusiyeni. Tinakunamizani, ndipo munavutika mtima chifukwa cha ife. Tikhululukireni.

Ndisanamalize, ndithokoze za nchito, poti ndiyo yatisonkhanitsa. Zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ba Simasiku angachitire umboni, palibe thiraki imene inagona pa boda chifukwa cha pepala la Ba Chulu. Madalaivala akavutika kutsidya, nambala yoyamba kuimba inali yawo. Ine ndinafika pano ndisakudziwa kusiyana kwa mafomu, ndinkalira m'chimbudzi sabata yoyamba. Iwo sananditengere nchito yanga. Anaima pambali mpaka ndinaidziwa. Ba Clementina, ana, zikomo potibwereka bambo anu masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi potipirira tikamatha shuga wa m'nyumba mwanu.

Manje, laputopu ija yatha. Imalankhula bwinobwino, pang'onopang'ono, zilembo zake ni zazikulu. Mukhoza kulemba, kuwerenga, kulowa m'kawindo kakuda kaja, zonse ndi makutu. Sepo wakwanitsa atamanga kumaso, katatu.

Koma chilipo chimodzi chatikanika. Mukaitseka chivundikiro kuti igone, n'kuitsegulanso, imadzuka ili duu. Siilankhulanso mpaka muizimitse yonse ndi kuyambiranso. Ndipo musaganize kuti tasiya dala kuti tikukoleni. Abusa ali pano, sindinganame kachitatu. Tayesa Maloweruka awiri, anthu asanu ndi atatu, maso khumi ndi asanu ndi limodzi abwinobwino. Talephera. Maso tili nawo ambiri m'gulu muja, Ba Cosmas. Chimene tikusowa ni munthu wodziwa pofunsa.

Ndiye pumulani. Lolemba mpaka Lachisanu gonani mpaka dzuwa likwere, thirirani ndiwo zanu, sewerani ndi adzukulu, wailesi ya amayi muibwezere m'malo mwake. Mulungu akupatseni masiku ambiri okoma, opanda mafomu ndi mafoni a ku boda. Koma Loweruka, naini koloko, ife tikubwera ndi...

Mwati bwanji, Ba Cosmas?

Ayi, musandifunse pano, pali alendo. Kumbuyo uko simunamve? Akufunsa ngati imakhala chete nthawi zonse ikadzuka, kapena pokhapokha ikakhala pa batire.

Sitinayese zimenezo. Mweetwa, tinayesa? Sitinayese.

Ati tibwere nayo hafu eyiti, naini ni mochedwa.

Anthuni, imirirani nonse. Manja awo alire mpaka amveke ku Dambwa, tiwaombere Ba Cosmas Chulu!