Khirisimasi Imene Ndinavekedwa Tayala

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, a kuno ku Thyolo ndi inu akutali amene mumangomwa tiyi osadziwa msana umene unamuthyola. Ine ndine bambo a Tadala, ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno kwathu. Ndikufuna ndichitire umboni za tsiku limene anthu anandimenya n'kufuna kundiotcha ngati wakuba, mawa lake kuli Khirisimasi, chifukwa cha mbuzi imene ndinachita kupatsidwa.

Ndisanayambe nditchule mboni zanga, poti kumalaini kumene timakhala antchitofe amati ndimakokomeza nkhani. Mboni yoyamba ndi mkazi wanga, mayi a Tadala, amene sanandiikirepo kumbuyo ngakhale tsiku limene ndinali wolungama. Yachiwiri ndi Che Yusufu a lole ya ku Luchenza, Msilamu amene alibe chifukwa chokometsera umboni wa kutchalitchi kwathu. Yachitatu ndi apongozi anga. Yomaliza ndi mano anga akutsogolo, amene ali m'kabotolo pawindo. Wokayika abwere adzawafunse yekha.

Disembala kwa ife si mwezi wopuma. Mvula ikagwa tiyi amaphuka ngati wapenga. Ukathyola kutsogolo, pocheuka upeza kumbuyo wameranso, ndipo tsiku lina tsamba linandiphukira pakati pa zala ndisanachotse dzanja, Mulungu akundimva. Timalowa m'munda kusanache bwino, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno, n'kubwerako madzulo zala zitachita dzanzi. Koma kunyumba Khirisimasi imakhala itayamba kalekale. Chaka chimenecho mayi a Tadala anali atazira khonde, atakonza chimera cha thobwa, mpunga ataubisa pamalo poti ngakhale khoswe ankachita kufunsa njira. Ana zovala zawo zakaunjika zinali m'sutikesi. Tsiku lililonse ankazitulutsa, kuzinunkhiza, n'kuzibwezeramo. Chimene chinkasowa ndi ndiwo basi.

Ndiye apongozi, amene amakhala kumudzi kuseri kwa esiteti mbali ya kwa Mphuka, anatumiza mawu kwa mwana wawo. Anati Khirisimasi adzadyera kwathu, ndipo tonde wawo wofiira uja tikamutenge.

Apa ndifotokoze kaye chifukwa cha inu akutauni amene mumajambulitsa ndi apongozi mutakolekana m'khosi. Kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi amaopana. Sitiyang'anizana, sitidyera pamodzi, sitilankhulana pamaso. Pakakhala nkhani iwo amauza mkazi wanga, mkazi wanga n'kuuza ine, ngakhale tonse tili pakhonde limodzi, ine nditayang'ana kunthochi. Mukakumana panjira, mkamwini ndiye amapatuka, kaya kuli minga kaya kuli dzenje. Ulemu umenewu ine ndinaugwira kuposa aliyense. Kuchokera pamene ndinali mkamwini watsopano wowalimira m'munda, mpaka Tadala wafika ku sekondale, apongozi sindinawaonetsepo nkhope yanga.

Woyenera kukatenga mbuzi anali mkazi wanga, masana. Koma ine ndi nzeru zanga ndinati asavutike, thobwa lili pamoto, ndipita ndine m'mamawa pa njinga n'kubwerako kapitawo asanaitane maina. Tinawaimbira apongozi kuti tiwadziwitse, koma foni yawo inali kotchajitsa.

Ndinafika kukungoyera, mvula ikuwaza. Pakhomo panalibe munthu, apongozi anali atapita kumjigo. Ndinamasula tonde uja, kumumanga miyendo, kumuika pakaliyala, ulendo wobwerera. Njira yochokera kumeneko imadutsa pakati pa tiyi, ndipo ndi yopapatiza moti anthu awiri sangapatukirane osagundana mapewa. Nditangolowamo ndinaona kutsogolo ndowa ikubwera pamutu. Pansi pa ndowayo panali apongozi.

Sindinaganize kawiri. Thupi linachita zimene linazolowera. Ndinadziponya m'tiyi, ine, njinga ndi mbuzi yomwe, n'kugona chafufumimba kudikira kuti adutse.

Tonde analira. Apongozi mbuzi zawo amazidziwa mawu ngati ana obala okha. Ndinangomva ndowa ikugwa pansi, kenako mfuu imene inamveka mpaka ku Mozambique.

"Mbuzi yanga! Wakuba! Wakuba uyooo!"

Chimene sindinkadziwa n'choti sabata imeneyo mbuzi zinali zikubedwa m'mudzimo pafupifupi usiku uliwonse, monga zimakhalira Khirisimasi ikayandikira. Anyamata anali atatopa. Ankagona panja kulondera makola, ndipo nthawi imeneyo n'kuti akubwerera kwawo ali ndi zibonga ndi zikwanje, tulo tili m'maso, osagwira aliyense usiku umenewo. Ndiye taganizani, aona munthu wovala chijasi chamvula, mbuzi pakaliyala, akudumphira m'tiyi ataona mwini mbuzi. Ngakhale ine ndikanakhala iwo ndikanadzimenya.

Chibonga choyamba chinandipeza pamsana ndisanadzuke. Chachiwiri chinagwa pamutu, ndipo ndinakumbukira masamu onse a sitandade faifi amene ndinaiwala kalekale. Anandikoka miyendo kunditulutsa m'tiyi, mitengo yake ikundikala pamimba. Wina anandimenya ndi chikwanje chafulati, wina ndi mpini wa khasu, wina anazula pampu pa njinga yanga yomwe n'kumandikwapula nayo m'makutu. Magambutsu anga anavuka okha n'kuthawa, ndipo mpaka lero imodzi sinabwerere. Anyamata amenewa anali makanda pamene ine ndinkachoka m'mudzimo kupita kumalaini, panalibe wondidziwa.

Ndinayesa kulankhula, koma apongozi ali pompo sindikanakweza mawu. Ndinanena motsitsa, mwaulemu.

"Pepani achimwene, ine ndine mkamwini."

"Wakuba aliyense tikamugwira amakhala mkamwini! Wa dzana uja anatinso ndi mkamwini!"

Chidendene cha munthu chinandipeza pakamwa. Mano aja anatuluka nthawi imeneyo, ndipo kuchokera apo chimene ndinkalankhula chinali magazi okhaokha. Anthu anachuluka, amayi ochokera kumjigo, abambo opita kumunda, ena osadziwa n'komwe chimene ndalakwa koma mwala ali nawo kale m'manja. Diso lamanzere linatsekeka. Milomo inatupa moti ndinkaiona ndi diso lotsalalo popanda galasi.

Bambo wina wachikulire anati ayambe afunsa mwini mbuzi. Anandigwira tsitsi n'kunditukula mutu.

"Amama, munthuyu akuti ndi mkamwini wanu. Mukumudziwa?"

Apongozi anandiyang'ana. Aka kanali koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"Nkhope iyi sindinaionepo chibadwire."

Abale, sananame. Apongozi anga ndi mayi a chigwirizano kutchalitchi, bodza salidziwa. Apo mpamene mtima wanga unagwa, chifukwa ndinadziwa kuti wondipulumutsa palibe. Nthabwala ndimazikonda, koma pamenepa panalibe choseketsa. Ndinamva wina akuti, "Bweretsani tayala." Analigubuduza kuchokera kumsewu, tayala lakutha lagalimoto lodzaza madzi amvula, n'kundiveka m'khosi nditagwada m'matope. Linali lozizira. Mawaya ake ankandibaya paphewa.

Chimene chinachedwetsa imfa yanga ndi kusowa kwa mafuta m'dziko muno. Anaimitsa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto kuti awapatse petulo, iye n'kukana.

"Ine ndagona pamzere kuti ndipeze mafuta amenewa, ndiye ndiotchere munthu? Mawa Khirisimasi ndinyamula anthu ndi chiyani? Kasakeni parafini."

Anakangana naye, anamukankha, wina anamuopseza kuti ndiye kuti ali limodzi ndi wakubayo. Mapeto ake wa kabazayo anatulutsa kapaipi n'kuyamba kukoka mafuta ndi pakamwa kuthira m'kabotolo, akutukwana. Nthawi imeneyo ine ndinapemphera. Pakamwa panalibe potulukira mawu, ndinapemphera chamumtima. Ndinati, Ambuye, mawa ndi tsiku lanu lobadwa. Ana anga zovala zawo zili m'sutikesi. Musalole kuti chaka ndi chaka azidzakumbukira tsiku lanu ndi fungo la tayala.

Petulo anandithira pamutu. Analowa m'mabala, kuwawa kwake sindingathe kukulemba. Mnyamata wina wa maso ofiira anatulutsa machesi.

Tsono tamvani mmene Mulungu amayankhira. Sanatumize mngelo, sanatumize apolisi. Nditatsegula diso lija ndinazindikira kuti ndagwada moyang'anizana ndi apongozi, maso ndi maso. Manyazi anandigwira kuposa mantha. Ndinati ngati n'kufa ndife, koma osati ndikuwayang'ana chonchi. Ndinadzikwekwereza ndi maondo, tayala lili m'khosi, n'kuwafulatira.

Kumbuyo kwanga kunamveka mawu ang'onoang'ono.

"Taimani."

Palibe anaima.

"Ndati taimani! Mayo ine! Awa ndi bambo a Tadala! Amuna a mwana wanga awa!"

"Amama, si mwanena nokha kuti simukuwadziwa?"

"Ndanena nkhope! Nkhongo iyi ndikuidziwa, yandilimira chimanga zaka ndi zaka!"

Koma gulu likalusa silimva msanga. Akumbuyo sanamve kanthu, miyala inali ikubwerabe, ndipo wa machesi uja anali atakhwatcha kale kamodzi, kamtengo n'kuthyoka chifukwa chonyowa. Pamenepo apongozi, mayi wachikulire amene sanandigundepo ngakhale ndi nsonga ya chitenje, anandigwera pamsana n'kundikumbatira ndi tayala lomwe. Mwala umene umabwera pamutu panga unawapeza pamkono. Ndinamva fupa likulira pafupi ndi khutu langa. Sanandisiye. Petulo anawanyowetsa bulauzi yonse.

"Yatsa, iwe mwana wa Eneresi! Ndinakuchapira matewera ndine! Yatsa uotche ndi ine ndemwe, ukawauze amako!"

Zina anamalizira m'Chilomwe, ndipo zimenezo sizilembedwa mu umboni. Machesi anagwa pansi. Anthu anayamba kuchepa mmodzimmodzi, aliyense akukumbukira kuti anasiya ntchito kumunda. Bambo wachikulire uja anandivula tayala. Tonde nthawi yonseyi anali chigonere m'tiyi, akudya masamba a kampani mwamtendere.

Che Yusufu anatipeza pamsewu akuchokera kotula katundu. Sanafunse zambiri. Anayala masaka kumbuyo kwa lole, kutigoneka ine ndi apongozi, kuponyamo njinga ndi mbuzi, n'kuthamangira kuchipatala. Liwiro lake mabampu tinkangowaona pansi tikuuluka. Atatisiya anakatula mbuzi kumalaini, kuuza mkazi wanga, ndipo madzulo ake anabweranso kudzaizinga yekha, monga timachitira kuti anzathu achisilamu oyandikana nawo nyumba adye nawo.

Khirisimasi tinadyera muwodi. Mayi a Tadala anabwera ndi mpunga, nyama ndi chigubu cha thobwa, ana atavala zovala zawo zija. Wamng'ono atandiona analira, anati awa si ababa. Ine nthiti zitathyoka, mutu atausoka ngati thumba la chimanga, sindikanatha kutafuna. Ndinkangomwa msuzi ndi supuni, ndikuonerera odwala anzanga akumaliza mbuzi imene ndinaifera. Wina wa bedi loyandikana nane, amene anabwera ali chikomokere, anadzuka ndi fungo lokha n'kupempha chiwindi. Anamwino alipo, kafunseni.

Tili pakati pa kudya, chitseko chinatseguka. Analowa apongozi, mkono uli m'chikhakha. Ine ndinayamba kulimbana ndi bulangete kuti ndifunde kumutu, koma iwo anabwera n'kukhala pabedi langa lomwelo. Sanauze mkazi wanga kuti andiuze. Analankhula ndi ine.

"Bambo, chotsani bulangetelo. Tayang'anani kuno ndikuoneni bwinobwino, ndingadzakuphetseninso."

Ndinayang'ana. Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, misozi ikutsika, kenako anapukusa mutu.

"Apa palibe chooneka. Ndidzabweranso kutupaku kukaphwa."

Abale ndi alongo, ndikuthokoza Mulungu amene anandichotsa m'tayala. Ndikuthokoza apongozi, amene mkono wawo mpaka lero suwongoka bwino chifukwa cha ine. Ndikuthokoza Che Yusufu, Mulungu awadalitse ndi lole yawo. Anyamata aja ndinawakhululukira, ngakhale kukhululuka kwake kumandivuta ndikamadya chimanga chootcha. Inu amene muli pamavuto, amene mukuona kuti machesi atuluka kale, musaleke kupemphera, ngakhale pakamwa patatupa. Ndipo mukamva mfuu ya wakuba nyengo ino, chonde musathamangire mwala. Munthu amene wagwada pakati pa gulupo ali ndi ana amene akumudikira kunyumba.

Kutupa kutaphwa apongozi anabweradi kumalaini. Anandikhazika pampando panja, dzuwa likuwala bwino, n'kundizungulira pang'onopang'ono ngati akugula ng'ombe. Atamaliza anaima kutsogolo kwanga, anapumira m'mwamba, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Koma iwe, kumbuyo kuja kunali bwinoko."