Samu Yopanda Woichonga

Pokwerera basi, bambo wina wovala jekete yomukulira ankangopukuta nsapato ndi kampango, mtima uli m'mwamba. Mayi amene anakhala naye pabenchi analephera kuugwira mtima.

"Ulendowu ndi wa kuukwati, bambo?"

"Ayi mayi, kuyunivesite. Mwana wanga wamkazi akukaonekera lero kwa maprofesa, za udokotala wa masamu. Zaka zonsezi wakhala akulimbana ndi samu imodzi."

"Imodzi yokha? Aphunzitsi akewo osangomuuza yankho bwanji?"

"Nawonso sakulidziwa. Akuti chilengedwere dziko palibe amene analipeza."

Mayi aja anagwira pakamwa.

"Nanga poti onse sakulidziwa, akamuchonga ndani?"

"N'zimene zandisowetsa tulo. Akuti iyeyo akaima pabolodi, akuluakuluwo akakhala pansi ngati ana a sukulu, mpaka awakhutiritse. Akakangopeza polakwika, zaka zonse zija zalowa m'madzi."

"Koma kunjaku kuli ana. Mutu umenewu anatengera inu?"

Bamboyo anatambasula manja ake n'kuwayang'anitsitsa.

"Ine ndinamuyambitsa ndi izi, mayi. Titafika pa teni, zala zinandithera. Kwinako wayenda yekha."